Asatipusitsenso ndi nkhani yoti "kompyuta yafa"

Pali mawu awiri amene m'maofesi a dziko lino afooketsa anthu kuposa njala: "kompyuta yafa." Kale, m'masiku a mapepala, ankati "fayilo yasowa," ndipo munthu ankabwerera kwawo chipewa chili m'manja, osafunsa kuti yasowa bwanji, pakuti masiku amenewo kufunsa kudali kudziputira nkhondo. Lero ufulu wofunsa tili nawo, akuluakulu athu adauvotera pa 14 Juni 1993. Koma kalaliki akangoti kompyuta yafa, tonse timapukusa mitu ngati tamva uthenga wa maliro a nkhalamba, n'kumati zimachitika, n'zochokera kumwamba.

Sizochokera kumwamba ayi. Makina amafa, palibe akutsutsa. Koma zolembedwa zimene zili m'makinamo sizifera nawo pamodzi, pokhapokha ngati munthu wina wake, wokhala ndi dzina, udindo ndi malipiro a pamwezi, adasankha kuti zikhale malo amodzi okha. Mwina adasankha chifukwa cha ulesi, mwina umbuli, mwinanso, ndipo apa m'pamene pagona nkhani yanga, chifukwa imfa ya kompyutayo idali yomukomera.

Ine sindidamalize maphunziro a ku yunivesite, tsono madokotala a makompyuta andikhululukire polowa m'munda mwawo. Koma izi sizilira digiri. M'kati mwa kompyuta iliyonse muli kankhokwe kamene eni ake amakatcha hard drive. M'makompyuta akale, onga ambiri amene adzaza m'maofesi mwathumu, kankhokweka ndi timbale topyapyala tozungulira maulendo 5,400 kapena 7,200 pa mphindi imodzi, ndipo pamwamba pake pamayandama kasingano kolemba ndi kuwerenga, kosiyana ndi mbaleyo kampata kochepa zedi kuposa kunenepa kwa tsitsi limodzi. Laputopu ikagwa pansi ili mkati mogwira ntchito, kasingano kaja kamakanda mbale, basi zanu zapita. Makompyuta atsopano ali ndi mtundu wina wotchedwa SSD, wopanda chozungulira, koma nawonso umatopa ndi kulembedwalembedwa, ndipo nthawi zambiri umafa osatsanzika. Onjezani kutentha kwa mu Okutobala, fumbi, magetsi othima n'kubwera mwaukali, ndi anyamata othyola mawindo. Hard drive iliyonse idzafa ndithu, chosadziwika ndi tsiku lokha. Wodabwa kuti yake yafa ali ngati munthu wodabwa kuti mu Januwale kwagwa mvula, denga lake lili losafolera.

Mankhwala ake makolo athu ankawadziwa kompyuta isanabadwe. Mlimi wanzeru sasunga mbewu m'nkhokwe momwe muli chimanga chakudya. Amaimangirira n'kuipachika kudenga la khitchini kumene utsi umathamangitsa anankafumbwe. Mwini ng'ombe amaikiza zina kwa mbale wake kumudzi wina, kuti matenda akalowa m'khola limodzi asatsale chimanjamanja. Ngakhale mbewa pokumba una imasiya mbuli, potulukira zinthu zikathina. Chimene azungu akuchitcha backup ndi kuikiza komweku. Akatswiri ali ndi lamulo lawo losavuta kuloweza, la 3-2-1: chinthu chilichonse chofunika chikhale ndi makope atatu, pa zosungira za mitundu iwiri, ndipo kope limodzi likhale kutali ndi nyumba imene muli enawo.

Kope lakutalilo ndi limene masiku ano anthu amalitumiza ku cloud, kumtambo. Dzinali n'lonyenga, kulibe mtambo uliwonse. Ndi makompyuta a anthu ena, zikwizikwi, oimikidwa m'mizere m'zinyumba zikuluzikulu zozizira, zokhala ndi majenereta ndi alonda. Microsoft idatsegula zinyumba zotere ku Johannesburg ndi ku Cape Town mu 2019, Amazon ku Cape Town mu 2020, Google ku Johannesburg mu 2024. Mukatumiza fayilo yanu kumeneko kudzera pa intaneti, mwaikiza ng'ombe m'khola la mlendo. Nyumba yanu ikapsa, mumabwereka kompyuta ya mnzanu, kulemba mawu anu achinsinsi, fayilo ija n'kubwera. Palibe ufiti uliwonse.

Nanga ngati zili zophweka chonchi, bwanji maofesi amene amasunga chuma chathu, malo athu ndi maina athu akupitiriza kutiuza za kompyuta yakufa? Tiyeni tikwere ku Capital Hill.

Usiku wa pa 13 Sepitembala 2013, mkulu woona za bajeti ku unduna wa zachuma, a Paul Mphwiyo, adaomberedwa pachipata cha nyumba yawo ku Lilongwe. M'masabata otsatira apolisi adapeza mitolo ya ndalama m'mabuti a galimoto ndi m'nyumba za antchito a boma a malipiro ochepa. Tidaitcha Cashgate. Ambiri amakumbukira mabutiwo, ochepa ndi amene amakumbukira m'mene ndalamazo zinkatulukira. Boma limalipira kudzera m'makina owerengera chuma otchedwa IFMIS. Akubawo ankalowetsa m'makinamo malipiro a kampani imene siidagulitse boma ngakhale pensulo, cheke chinkasindikizidwa n'kukasinthidwa ku banki, kenako wina ankalowanso m'makinamo n'kufufuta mzere wonse, ngati wakuba nkhuku wosesa mapazi ake pabwalo. Kampani ya ku Britain ya Baker Tilly, imene idafufuza nkhaniyi, idanena m'lipoti lake la mu Febuluwale 2014 kuti m'miyezi isanu ndi umodzi yokha, Epulo mpaka Sepitembala 2013, ndalama zopitirira K13 biliyoni zidabedwa kapena kulipidwa mosatsata njira. Maiko otithandiza adaimitsa thandizo lawo la ku bajeti. Amene adasenza mtolowo ndi mayi wakumudzi amene adayenda mtunda wautali n'kukapeza chipatala chilibe mankhwala.

Taganizani bwino, a Malawi anzanga. Akubawo sadathyole chitseko, sadanyamule mfuti polowa m'ofesi. Chida chawo chidali batani lofufutira. Ndipo batani limenelo limakhala ndi mphamvu pokhapokha ngati buku lili limodzi, kapena ngati makope ake onse ali m'manja mwa anthu omwewo. Chimene sakadatha kufufuta ndi zolembedwa za ku mabanki kumene macheke aja adadutsa, chifukwa kumeneko kiyi adali ndi anthu ena. Chikhala kuti usiku uliwonse kope la zonse zolowa m'makina a boma linkapita kumalo kumene mlembi wa unduna, nduna, ngakhale mtsogoleri wa dziko sangafufute kanthu, ndipo m'mawa mwake wina n'kumafananitsa mabuku awiriwo, bwenzi mzere wosowa utakuwa wokha sabata yoyamba yomwe. Luso limeneli si maloto. Makampani a kumtambo amagulitsa malo otsekeka, oti fayilo ikalowa siisinthika kapena kufufutika mpaka nthawi imene mudapangana itakwana, ngakhale mwini wake atabwera akulira. Kwa munthu woona mtima malo otere ndi mpumulo. Kwa wakuba ndi ndende yodikira.

Pa chisankho cha 2019 tidaona zofanana. Mapepala a zotsatira adapakidwa Tipp-Ex, ndipo pa 3 Febuluwale 2020 khoti lidathetsa zotsatira za upulezidenti. Mwa zina zimene odandaula adatengera ku khoti adali makope a zotsatira amene oyang'anira a zipani adachoka nawo m'malo oponyera voti. Kope la m'manja mwa munthu wina, amene sakudya nawe mbale imodzi, ndilo limaulula wopaka.

Kenako kudabwera nkhani ya mapasipoti. Kumayambiriro kwa 2024 nthambi yoona za anthu olowa ndi kutuluka m'dziko idasiya kusindikiza mapasipoti kwa masabata angapo. Odwala ofuna chipatala cha kunja, ophunzira, amalonda opita ku Johannesburg ndi ku Dar es Salaam, onse adaima njii. Mu Febuluwale a Lazarus Chakwera, omwe panthawiyo adali mtsogoleri wa dziko, adauza Nyumba ya Malamulo kuti akuba a pa intaneti adalanda makinawo ndipo ankafuna dipo. Ena adatsutsa, nati gwero lake lidali mkangano wa boma ndi kampani imene idaika makinawo. Ine sindiweruza pano, chifukwa kwa ine mayankho onse awiri ndi chitonzo chimodzi. Wakuba wotseka mafayilo ako n'kumafuna dipo amakhala ndi mphamvu pa iwe ngati ulibe kope lina loyera. Kampani imene wakangana nayo imakugwira pakhosi ngati zolembedwa zako zili m'manja mwake mokha. Ntchito idayambiranso mu Malichi, ndipo nthambiyo idati idabwezeretsa zimene zidatayika. Zikomo. Koma dziko limene kope lake lili lokonzeka ndi loyesedwa limadzuka m'masiku ochepa, silidikira mwezi kukhala ndi kufa.

Ndikudziwa chimene abwana ena anene, poti amachinena kawirikawiri m'misonkhano yawo ya m'mahotela a kunyanja: zinsinsi za dziko sizingapite m'makompyuta a azungu, ndife dziko loima palokha. Mawu okoma. Ndipo mkati mwake muli choonadi chimene sindichibisa. Kuyambira 2018 dziko la America lili ndi lamulo lotchedwa CLOUD Act, limene limapatsa a chitetezo kumeneko njira yolamulira makampani a ku America kupereka zimene akusunga, ngakhale zitakhala m'makina a kunja kwa dzikolo. Woikiza ng'ombe adziwe kuti mwini khola angathe kuikama.

Koma fayilo imasiyana ndi ng'ombe, chifukwa imatheka kuimanga isanachoke pakhomo. Pali njira yosokoneza zolembedwa ndi masamu kuti zisawerengeke popanda kiyi wake, imene amaitcha encryption. Mukamanga fayilo musanaitumize, kiyi n'kutsala kuno, mwini mtambo amangosunga bokosi limene sangalitsegule. Dziko la Estonia, la anthu osakwana mamiliyoni awiri, loyandikana ndi Russia, lidagwirizana ndi Luxembourg mu 2017 kuti makope a zolembedwa zake zofunika azisungidwa kumeneko, m'chipinda chotetezedwa ngati ofesi ya kazembe. Ku Ukraine, patatsala masiku ochepa kuti Russia iyambe nkhondo yake ya pa 24 Febuluwale 2022, aphungu adasintha lamulo limene linkaletsa kusunga zolembedwa za boma kumtambo, ndipo mabuku a boma, kuphatikizapo a eni malo, adasamutsidwira kunja mabomba akugwa. Kodi anthu amenewa sakonda maiko awo? Amakonda, n'chifukwa chake sadafune kuti mzinga umodzi ufufute umboni woti munda uwu ngwa yani.

Inu amene mudakhala zaka ku Lusaka, ku Dar es Salaam ndi ku London, mawu oti "zinsinsi za boma" simukuwakumbukira? Si omwewo amene ankatseka pakamwa amayi ofunsa kumene amuna awo adatengeredwa? Ine mawuwa ndimawamva ndi khutu limodzi. Munthu amene amafuula za kuima patokha nkhani ikangofika pa mabuku a ndalama, koma osafuula pokapempha ngongole, sakuopa kuti mzungu awerenga. Akuopa kuti iye alephera kufufuta.

Ena akuti, basi timange mtambo wathuwathu. Mu 2022 boma lidatsegula ku Blantyre nyumba yosungira zolembedwa za pa kompyuta, yomangidwa ndi kampani ya Huawei. Chabwino, tikuyamika. Koma nyumba ndi nyumba, imapsa, ndipo ngakhale nyumba zotere zichuluke, siziteteza kanthu ngati makiyi ake onse ali m'thumba limodzi. Funsani a ku South Korea, dziko limene limapanga mafoni amene ali m'matumba mwathumu. Pa 26 Sepitembala 2025 batire idayaka m'nyumba ya makompyuta a boma mumzinda wa Daejeon, ntchito za boma mazanamazana zidaima, ndipo malo otchedwa G-Drive, kumene antchito a boma ankasunga mafayilo awo, adapsa ndi zinthu zokwana ma terabyte 858. Terabyte imodzi ndi ma GB 1,000, werengani nokha. Kope lina kudalibe, ati chifukwa zinthuzo zidali zochuluka kwambiri. Mtambo wawo udali nyumba imodzi, ndipo udapsa ngati nkhokwe ya udzu. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Asaganize kuti ndawaiwala anyamata a mataye ogulitsa mtambo, amene amalankhula ngati ukangosaina nawo pepala mavuto ako onse atha. Mu Meyi 2024 Google idafufuta mwangozi malo onse a bungwe la penshoni la ku Australia lotchedwa UniSuper, la anthu opitirira theka la miliyoni. Bungwelo lidali ndi makope m'madera awiri, koma onse adali pansi pa Google yomweyo, ndipo adapitira limodzi. Chidawapulumutsa ndi kope lina limene adaikiza ku kampani ina. Mu Malichi 2021 nyumba ya kampani ya OVHcloud idapsa ku Strasbourg m'dziko la France, ndipo ena mwa makasitomala adazindikira mochedwa kuti kope lawo lidali pamalo omwewo amene adapsawo. Mlendo nayenso khola lake limagwa. Mtambo ndi limodzi mwa makope atatu aja, si onse.

Palinso bodza lina laling'ono limene lagwetsa ambiri. Mapulogalamu onga Google Drive, OneDrive ndi Dropbox, m'mene anthu ambiri amawaikira, ntchito yawo ndi kufananitsa zimene zili pa kompyuta yanu ndi zimene zili kumtambo. Ali ngati kalilole. Mukafufuta fayilo kuno, kumenekonso imachoka, imangogona m'bini masiku pafupifupi 30 kenako n'kupita. Kachilombo ka pa kompyuta kakaononga mafayilo anu, kalilole uja amatengera zoonongekazo mokhulupirika. Kuikiza kwenikweni kumasunga mbiri, kuti muthe kunena kuti ndipatseni fayilo iyi m'mene idaliri mwezi watha. Ofesi imene ikudzitama kuti zonse zili pa Drive, koma aliyense wa m'ofesimo angathe kufufuta, ilibe backup. Ili ndi kalilole.

Tsono aphungu athu amve. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza zolembedwa za boma lidayamba kugwira ntchito pa 30 Sepitembala 2020, patatha zaka zambiri atolankhani akulimenyera nkhondo. Mu 2024 kudabweranso lamulo loteteza zolembedwa zokhudza anthu. Koma ufulu woitanitsa chikalata chimene chidafa ndi kompyuta ndi ufulu wotunga pachitsime chouma. Ine ndikuti kope la mabuku a chuma cha boma, a malo, a mapasipoti, a penshoni ndi a makhoti lizipita tsiku ndi tsiku kumalo osafufutika, ndipo kiyi wake asakhale ku unduna umene ukulemba mabukuwo, akhale kwa mkulu wofufuza za chuma cha boma ndi kwa osunga mbiri ya dziko ku National Archives. Komiti ya Nyumba ya Malamulo yoona za chuma cha boma ikaitana mlembi wa unduna, isamangofunsa za maalawansi. Imufunse kuti kope lili kuti, kiyi ali ndi yani, ndipo mudaliyesa liti. Funso lachitatuli ndilo lalikulu, chifukwa kope limene silidayesedwepo kubwezeretsa lili ngati tayala la sipeya limene palibe adaonapo ngati lili ndi mpweya. Ndipo mkulu amene wataya zolembedwa za boma aziyankha mlandu wofanana ndi wa amene wataya ndalama za boma, pakuti nthawi zambiri zinthu ziwirizi zimasowera limodzi.

Koma tisaloze boma lokha ngati ife ndife oyera. Pa 18 Disembala 2015 laibulale ya yunivesite ya Mzuzu idapsa ndi mabuku pafupifupi 45,000, tidalira, tidaiwala. Mu Malichi 2023 namondwe Freddy adagwetsa matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche, ndipo opulumuka ku Chilobwe adatsala ndi zovala za m'thupi zokha. Masetifiketi, mapepala a malo, zithunzi za makolo, zonse pansi pa matope. Pamene ndidali ku yunivesite, mtsikana wina wa chaka chomaliza adaberedwa laputopu kutatsala masabata atatu kuti apereke kafukufuku wake. Kope adali nalo ndithu, pa fulashi. Fulashiyo idali m'chikwama chomwecho.

Mudzati bandulo ya intaneti ndi yodula, ndipo kugula malo kumtambo kumafuna khadi lolipira m'madola, amene ngakhale oitanitsa mafuta amawasowa. Zoona, ndipo amene amalangiza Mmalawi kuti atumize hard drive yonse ya ma GB 500 kumtambo akulankhula ali ku Dublin. Koma ndani adati mutumize zonse? Mafilimu a ku Nigeria ndi nyimbo zimene zadzaza m'kompyuta mwanumo mudzazipezanso kwa mnyamata wa pamsika. Zimene simudzazipezanso n'zochepa ndi zopepuka: mapepala a malo, masetifiketi, mabuku a bizinesi, kafukufuku wa kusukulu, zithunzi za amene adatisiya. Google imapereka ma GB 15 aulere, OneDrive ndi iCloud 5, Dropbox 2. GB imodzi yokha imanyamula masamba mazana angapo ojambulidwa ndi foni, zolemba wamba ndiye zikwi. Chenjerani kuti ma GB 15 aja amagawanidwa ndi makalata a Gmail ndi zithunzi, ndipo pa mafoni a Android ngakhale kope la WhatsApp limadya pomwepo, choncho makanema a ukwati wa msuweni angathe kutsekera khomo setifiketi yanu. Zolemera zina zonse zipite pa hard drive ya m'manja, ndipo imeneyo ikagone kunyumba ya mlongo wanu, osati m'dirowa ya pansi pa kompyuta.

Khola la mlendo lilinso ndi malamulo ake. Kuyambira mu Disembala 2023 Google ili ndi mphamvu yofufuta akaunti imene yakhala zaka ziwiri osatsegulidwa. Ambiri akaunti yawo idamangidwa ku nambala ya foni, ndiye foni ikabedwa m'minibasi, nambala n'kutayika, mawu achinsinsi adaiwalika kalekale poti adawapangira ndi mnyamata wa pashopu, zonse zili kumtambo koma khomo latsekeka. Lembani mawu achinsinsi ndi manambala obwezeretsera akaunti papepala, inde papepala, musunge pamene mumasunga mapepala a nyumba. Ndipo munthu mmodzi wokhulupirika adziwe pamene pali pepalalo, chifukwa masiye ambiri akubwerawa sadzalimbana ndi achibale olanda katundu okha, adzalimbananso ndi foni yotseka.

Kwa anzanga a m'nyumba zolembera nkhani ndilankhule mosapsatira. Mu Epulo 2022 apolisi adagwira mtolankhani Gregory Gondwe n'kumulanda foni ndi kompyuta chifukwa cha nkhani yokhudza malipiro a boma kwa wamalonda wina. Izi zidachitika m'nthawi ya matipate, osati ya Kamuzu. Mtolankhani amene umboni wake wonse uli pa laputopu imodzi yosamanga waika pachiswe zinthu ziwiri: nkhani yake, ndi khosi la munthu amene adamutsina khutu. Mapulogalamu omangira mafayilo onga VeraCrypt ndi Cryptomator ngaulere. Mkonzi amene ali ndi ndalama yogulira galimoto koma alibe kope la nyuzipepala zake za zaka khumi zapitazo asatilalikire za kusasamala kwa boma.

Ife amene tidabadwa referendamu itapita timaiwerenga m'mabuku nkhani ya pa 8 Malichi 1992, inu mudaiona ndi maso. Kalata ya maepiskopi a Katolika idawerengedwa m'matchalitchi m'dziko lonse, boma lidati njoukira, kupezeka nayo udasanduka mlandu, ndipo nyumba yosindikizira ya Montfort ku Balaka idatenthedwa. Koma makope 16,000 adali atatuluka kale, makina a fotokope adabereka ena usiku m'maofesi, fakisi idaolotsa malire. Otentha adatentha nyumba, kalata sadaipeze, chifukwa idali paliponse. Anthu a nthawi imeneyo adalibe intaneti, koma lamulo la kuikiza ankalidziwa kuposa ife okhala ndi mafoni awiriawiri.

N'chifukwa chake zimandiwawa ndikaganiza za masutikesi amene ali pansi pa mabedi ku Chilomoni, ku Area 18 ndi ku Katoto. Inu amene mudabwerera kumudzi pambuyo pa 1993 mudabwera ndi makalata a abale olembedwa mozungulira poopa otsegula makalata, timapepala ta LESOMA ndi MAFREMO, makadi a anthu othawa kwawo, zithunzi za anzanu amene adaikidwa m'manda a chilendo, matepi a misonkhano. Zambiri mwa izo kulibenso kwina kumene zili. Chiswe chikudya, inki ikufwifwa, matepi akumatirirana, ndipo tsiku la maliro anu mdzukulu wofuna malo m'chipinda adzayatsira mbaula. Pamenepo amene amafuna kuti zaka zija ziiwalike adzakhala atapambana osayatsa ngakhale machesi.

Mdzukulu yemweyo ali ndi foni yojambula bwino kuposa makina a fotokope a 1992. Muitaneni Loweruka likudzali, mumugulire bandulo, mutsegule sutikesi ija, muzimuuza dzina la munthu aliyense wa pachithunzi iye akulemba. Kope limodzi lipite kumtambo, lina kwa mwana wanu amene adatsala kunja, lachitatu mukalipereke ku National Archives ku Zomba. Akakulandirani n'kukupatsani mpando, muwafunse kumene iwo amaikiza zawo.